Mtengo wa dikoda tiudziwa, nanga wa voti?

Mu Lusaka muno muli uthenga umodzi wa pafoni umene umagwirizanitsa anthu a m'basi kuposa mapemphero: uja wa kampani ya TV wonena kuti mtengo wakweranso. Ukangofika, kuchoka pa Kulima Tower mpaka ku Mtendere, kuchoka pa City Market mpaka ku Chawama, nkhani imakhala imodzi. Wina akuti, "Ine manje nizachosa chabe, nalema." Mnzake amuyankha, "Muzachosa bwanji ba mudala, bana bazakulekani?" Ngakhale kondakitala, amene tsiku lonse amakangana nafe pa za chenji, pa nkhani iyi ali mbali yathu.

Ine ndimakonda kumvetsera makambidwe awa, ndipo ndaona chinthu chimodzi. Mtengo wa TV timaudziwa mpaka ngwee yothera. Tidziwa kuti chaka chatha unali zingati, tidziwa tsiku limene dikoda idzadula. Koma pali bilu ina imene timalipira mwezi ndi mwezi popanda uthenga wa pafoni, ndiyo bilu ya ndalama zimene zimazungulira m'ndale. Mabilu awiriwa ndi apachibale.

Tiyambe ndi dikoda. DStv ndi GOtv ndi za kampani ya MultiChoice ya ku South Africa, ndipo GOtv inayambira kuno kwathu ku Zambia mu 2011 isanafike ku maiko ena. Zambiri zimene timaonerera pamenepo, monga bola ya ku England, mafilimu akunja ndi malo pa satelaiti, amazigula ndi madola. Ife timalipira ndi kwacha. Mu January 2013, pamene boma linachotsa maziro atatu pa ndalama yathu, dola imodzi inali pafupi ndi K5. Mu 2024 inapitirira K27. Ndiye kuti chinthu chogulidwa ndi dola chinakwera kuposa kasanu pa zaka khumi ndi chimodzi. Manje funsani mlonda wa ku Kabulonga, kapena mtsikana wogulitsa mu shopu pa Cairo Road, ngati malipiro ake anakwerako kasanu.

Chaka cha 2024 chinawonjezera mkwiyo. Mvula inavuta, madzi ku Kariba anatsika, malaiti anayamba kubwera maola ochepa, nthawi zina pakati pa usiku anthu ali mtulo. Munthu walipira masiku 30, koma TV yakhala duu ngati kabati. Masiku aja amawerengedwa ndithu, kaya mwaonerera kaya simunaonerere. Mabanja ambiri anangokulunga nthambo n'kuika dikoda pamwamba pa wadiropu. Sikuti anasiya kukonda Mpali kapena bola, koma unga, malasha ndi ya basi zinabwera patsogolo.

Anzathu a ku Malawi anafika patali ndi nkhani yomweyi. Mu August 2023, mkangano wa mitengo pakati pa MultiChoice ndi bungwe la MACRA unafika ku khoti, kampani n'kulengeza kuti yachotsa DStv m'dzikomo. Inabwerera patapita miyezi ingapo. Apa tinaona kuti mtengo wa TV si nkhani ya kampani ndi kasitomala chabe. Boma limakhala pakati.

Kuno kwathu boma lili mkati kwenikweni. ZNBC ili ndi gawo mu MultiChoice Zambia. TopStar nayo ndi mgwirizano wa ZNBC, imene ili ndi magawo 40 pa 100, ndi StarTimes ya ku China, imene ili ndi 60. Ntchito yosamutsa dziko kuchoka pa TV yakale kupita pa dijito inachitika ndi nkhongole ya ku China ya madola oposa 200 miliyoni. Pamwamba pa izi pali K5 ya msonkho wa TV, imene kale inali K3 pa bilu ya ZESCO, koma manje imatengedwa pamene mulipira dikoda. Choncho mukatumiza ndalama ija pa foni mwezi ukatha, dziwani kuti simukulipira azungu okha a bola. Muli dzanja la boma m'thumba lomwelo.

Nanga kwacha inagwa chifukwa chiyani? Zifukwa zilipo zambiri: mtengo wa kopa umakwera n'kutsika, chilala, mafuta amene timagula kunja. Koma chifukwa china chachikulu ndi nkhongole. Mu 2012 dziko linakongola madola 750 miliyoni pa msika wa Eurobond, mu 2014 biliyoni imodzi, mu 2015 biliyoni imodzi ndi 250 miliyoni. Mu November 2020 tinalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, dziko lonse lapansi n'kumva kuti Zambia yalephera kubweza. Nkhongole sizisaina zokha. Amasaina ndi anthu amene tinawaika pa mipando ndi chala chathu chomwe, chija timachiviika mu inki. Ndiye funso ndi ili: pofika pa mpandowo, anadutsa njira yotani, ndipo anawalipirira ulendo ndani?

Inu okwera mabasi mukudziwa bwino mmene kampeni imaonekera. Tsiku la msonkhano waukulu mabasi amasowa pa steshoni chifukwa ahayidwa onse. Dalaivala wapatsidwa mafuta ndi kashingi ya tsiku. Okwera apatsidwa malaya, chitenge, chakumwa ndi kenakake kopinda m'manja. Onjezani zikwangwani zazikulu za mu Great East Road, oimba, zokuzira mawu, helikopita, ndi malonda a pa TV ndi pa wailesi amene amalipiridwa pa mphindi. Mu 2021 mwamuna wofuna kuimira upulezidenti analipira K95,000 ku ECZ, koma iyo ndi ya pachitseko chabe. Zazikulu zimapita kumene kulibe lisiti.

Ndalama zonsezi zimachoka kuti? Makhadi a chipani sangagule helikopita. Lamulo lalikulu la dziko, monga linasinthidwira mu 2016, pa Article 60 likuti payenera kukhala lamulo lofotokoza kumene zipani zimatenga ndalama, ndiponso malire a ndalama zimene zingagwiritsidwe ntchito pa kampeni. Mu 2017 panalembedwa bilu ya zipani za ndale, koma masankho a 2021 anafika isanakhale lamulo. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalira kuti anzawo akudya ndalama zosadziwika. Chikalowa m'boma, nkhani ija imazilala ngati mbaula ya m'mawa. Taziona izi kuyambira pa MMD, kubwera pa PF, ndipo maso athu ali pa UPND.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Wamalonda amene wapereka mathiraki a zitenge sanataye chuma chake, wasungitsa. Akadzapambana munthu wake, adzabwera kudzatenga, ndipo sadzatenga chitenge. Adzafuna tenda ya msewu, ya feteleza, ya mankhwala, kapena kuti msonkho wake uiwalike. Mtengo wa tenda ukafufuma, amalipira ndi boma, ndipo boma ndalama limazitenga kwa inu ndi ine, kapena limakongola. Ambiri mukukumbukira mkangano wa mu 2017 wa magalimoto ozimitsa moto 42 amene anagulidwa pa madola 42 miliyoni, pamene Laura Miti, woimba Pilato ndi anzawo anamangidwa pochita chionetsero ku Nyumba ya Malamulo, khoti n'kudzawamasula chaka chotsatira. Anthu anafunsa mafunso ambiri nthawi ija. Vuto ndi lakuti popanda lamulo loonetsa poyera amene amapereka ndalama ku zipani, munthu wamba alibe kaundula woti aike pambali pa maina a opambana matenda n'kufananiza.

Madalaivala ndi makondakitala safunika kuuzidwa kuti ndale zimalowa m'thumba. Kwa zaka zambiri makada anali kutenga ndalama m'masteshoni ndi m'misika, basi isananyamuke wapereka kale. Ndalama ija sinali kuchoka kumwamba, inali kubisala mu mtengo umene wokwera analipira. Mu 2021 boma latsopano linalengeza kuti makada achoke m'masteshoni. Kaya pa steshoni panu zinathadi kapena zinangosintha malaya, odziwa ndinu amene mumakwera tsiku lililonse.

Palinso mbali ina imene imandidetsa nkhawa. TV si ya bola ndi masewero chabe, ndi pamene timaonera nkhope za ofuna kutilamulira. Banja likalephera kulipira, limatsala ndi mawu ochepa olowa m'nyumba, ndipo amene ali ndi ndalama yogula nthawi pa wailesi ndiye amamveka kwambiri. Mawu ena amatha kuzimitsidwa ndi mphamvu. Nyuzipepala ya The Post inatsekedwa mu June 2016 pa nkhani ya misonkho, kutatsala milungu yochepa kuti tivote. Muvi TV inaimitsidwa mu August chaka chomwecho. Prime TV inalandidwa laisensi mu April 2020, n'kuibwezera mu August 2021 masankho atatha. Ndipo ZNBC, imene K5 yake timalipira tonse, wa chipani ichi ndi wa chipani icho, yakhala ikudandaulidwa ndi otsutsa pa boma lililonse kuti imaonetsa kwambiri amene ali pa mpando. Ngati ndalama ndi ya tonse, nthawi ya pa kanema iyeneranso kukhala ya tonse.

Ndikudziwa yankho la m'basi: "Ni ndalama zathu zamene banaba, tizadya, mu voti tizachita vathu." Nzeru iyi inatchuka mu 2011 ndi mawu aja a Donchi Kubeba, ndipo n'zoona kuti m'kachipinda kovotera mulibe amene amakuonani. Anthu a Zambia asonyeza katatu, mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, kuti chipani cholamula chingagawe zambiri n'kugwabe. Koma taganizani. Tikazolowera kuti wofuna voti ayenera kubwera ndi envelopu, ndiye kuti mphunzitsi wanzeru wa ku Kanyama sangaime, mayi wolimba mtima wa pa Soweto Market sangaime. Adzaima okhawo ali ndi chuma kapena ali ndi wowalipirira, a mbali zonse. Mudzasintha chipani, koma mwini ndalama adzakhala yemweyo, chifukwa ochenjera amapatsa uku ndi uku. Lamulo la masankho la 2016 limaletsa kugula voti, ndipo wolandira nayenso ali ndi mlandu.

Sindikuti tisiye kudandaula za TV. Tidandaule, ndipo tidandaule pamalo pake. IBA ndiyo imapereka malaisensi a mawailesi, CCPC ndiyo imamva madandaulo a ogula. Tifunse kuti ngati mtengo umakwera dola ikakwera, bwanji usatsike kwacha ikalimba. Tifunse njira yolipira masiku ochepa, monga timagulira pamela unga ukavuta. Amenewa ndi mafunso oyenera.

Koma ukali womwewo tiunyamule pamene wofuna ukhansala kapena uphungu wafika mu komboni ndi galimoto ya zokuzira mawu. Asanayambe kuvina, mufunseni: "Bwana, izi zonse walipira ndani? Mukapita ku Nyumba ya Malamulo, muzavomera lamulo loonetsa ndalama za vipani?" Ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zapitiriza kukwera. Funsani kuti makontrakiti a m'dera lanu akupita kwa ndani. Lamulo lopatsa nzika ufulu wofunsa nkhani za boma linasainidwa mu December 2023, si la maloya okha ayi.

Dikoda ikakulemerani mumaisiya, masiku 30 akatha nkhani yatha, palibe amene adzagogoda pakhomo. Voti siili choncho. Mukaipereka chifukwa cha chitenge ndi K50, mwasaina zaka zisanu zopanda batani lozimitsira, ndipo bilu yake mudzaipeza pa unga, pa mafuta, pa ya basi, ndi pa dikoda yomweyo.