Khan Academy pa foni ya kunyumba

Makolo ambiri amatifunsa ngati foni ingathandize mwana pa masamu. Ingathandize ndithu. Khan Academy, yomwe Salman Khan anaiyambitsa ku America mu 2008, ndi yaulere ndipo mulibe zotsatsa malonda. Mwana amaonera kavidiyo kafupi ka algebra kapena chemistry, kenako amayankha mafunso, pulogalamuyo n'kumuuza pomwepo ngati wakhoza kapena walakwa.

Koma bandulo si yaulere, ndipo mavidiyo amadya data kwambiri. Mukapeza Wi-Fi, dawunilodani maphunziro angapo kuti mwana adzaonere popanda intaneti.

Chinanso, maphunzirowa sanakonzedwe motsatira silabasi ya MSCE. Choncho mwana akhale ndi kope lake pambali, afufuze mutu womwe waphunzira m'kalasi sabata imeneyo. Kupanda kutero amangodumphadumpha mpaka batire kutha.