Mwana wosakhazikika m'kalasi: mkwapulo si mankhwala

Kusekondale ngakhale kumadrasa timakumana ndi wachinyamata amene sakhazikika: amaiwala ntchito, amataya makope, amadula anzake mawu. Timafulumira kumutcha waulesi kapena wamwano. Komatu ena mwa ana otere ali ndi vuto la ubongo lotchedwa ADHD, limene limagwira ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse padziko lapansi.

Kulephera mayeso, kukalipiridwa tsiku ndi tsiku ndiponso kusalidwa ndi anzake kumamufooketsa mtima, mpaka ena amagwa m'matenda ovutika maganizo. Bungwe la WHO limati kudzipha kuli m'gulu la zinthu zimene zikupha kwambiri anthu a zaka 15 mpaka 29.

N'chifukwa chake chithandizo chiyenera kupezeka pasukulu pomwepo, pamene mwanayo amafika m'mawa uliwonse. Mlangizi amakhala naye pansi, n'kusankha naye zochita zimene zinkamusangalatsa, monga mpira kapena kujambula, n'kuzilemba pandandanda wa mlungu. Akayambanso kuchita, mtima umatsatira pambuyo. Popeza kuiwala ndiko kumamugwetsa, aphunzitsi ndi makolo amamukumbutsa mofatsa, namuyamikira pa chilichonse chimene wakwanitsa.

Kuno kwathu maziko alipo. Bungwe la Farm Radio International, pamodzi ndi dokotala wa ku Canada, Stan Kutcher, linaphunzitsapo aphunzitsi kuzindikira matendawa, ndipo pawailesi pankamveka pulogalamu ya achinyamata ya Nkhawa Njee.

Mwana akayamba kulankhula za imfa, tisazengereze. Tithamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akatswiri a matenda a maganizo alipo ku Zomba ndiponso ku St John of God ku Mzuzu.