Ludo Yanu Ikali Yokwana? Isungeni Bwino Mvula Isanayambe

Malaiti akayenda, foni yazima, TV ili zii, ndiye pamene nyumba yonse ikumbukira kuti tili na Ludo. Muitulutsa pansi pa bedi, bokosi yafufuma na chinyontho, daisi kulibe, ka red kamodzi kanasowa kale. Ndeu iyamba gemu isanayambe: ndani anateya pa last?

Mu 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo makomboni anali kugona mu mdima maola ochuluka, mabanja ambiri anafukula magemu amene anaiwalika. Ambiri anapeza zidutswa chabe. Bolodi nthawi zambiri imakhalako. Chimene chimapha gemu ni kanthu kamodzi kang'ono kamene kanagwera kuseri kwa sofa, kanasesedwa m'mawa n'kupita ku bini.

Ndiye lamulo loyamba ni kupenda. Gemu ikasila, musanyamuke musanapende. Ludo ili na tunthu 16, tunayi pa mtundu uliwonse, na daisi. Draft ni 24, chess ni 32, makhadi ni 52 kuchotsako ma joker. Scrabble ili na zilembo 100, ziwiri mwa izo zilibe cholembapo, ndipo ziwirizi ndizo ana amataya poganiza kuti ni zowonongeka. Monopoly ili na tunyumba 32, mahotela 12 na madaisi awiri. Lembani nambala pa chivindikiro na maka, kuti olo mwana wa Grade 2 azidziwa chimene afunika kupeza. Nchito yopenda mupatseni amene waluza. Adzadandaula, koma adzapenda mosamala pofuna kupeza wina womunamizira.

Manje nkhani ya bokosi. Ija katoni imene gemu inabweramo ni yokongola mu shopu chabe. Mu nyumba ya marumu awiri siikhalitsa. Simenti imatulutsa chinyontho, mphemvu zimakonda guluu wa mu makona, makoswe amatafuna ndalama za Monopoly kupangira chisa. Amene mukhala ku Kanyama, Misisi olo mbali zina za Chawama mudziwa mwamene madzi amalowera pakhomo mu January na February. Chilichonse cha pepala chimene chili pansi usiku umenewo, iwalani.

Simufunika kugula shelufu ya ku mall. Tunthu tung'ono fakani mu kontena ya Blue Band olo ya ice cream, yotsukidwa na kuuma bwino, gemu iliyonse na kontena yake. Osasakaniza ayi. Daisi ya Ludo ikabwerekedwa ku Snakes and Ladders, siibwerera. Makhadi na ndalama za pepala mangani na kalabala, mufake mu pulasitiki. Mabolodi opinda ikani mu pilokesi yakale, agone chafulati pamwamba pa wadirobu, osati choimirira, chifukwa amapindika. Ngati mzere wopindira wayamba kung'ambika, matani selotepu kumbuyo lelo lomwe, usanagawike pawiri. Makontena onse alowe mu baketi imodzi ya 20 litres ya chivindikiro, zija zipezeka ku Kamwala na ku Soweto. Tsiku lokuka, munyamula baketi imodzi basi, osati kusakila ma pawn mu masaka a ziwiya.

Baketi imeneyi ikhale pamwamba pa chifukwa china chachikulu kupambana mvula. Mwana wokwawa amafaka chilichonse mkamwa, ndipo daisi olo kanthu ka Ludo kangamutsamwitse. Mu nyumba muli khanda, kupenda sikulinso nkhani ya gemu chabe. Kamodzi kakasowa, sakilani mpaka kapezeke.

Apa ba draft atiseka, ndipo ali na chifukwa. Bolodi yawo ni thabwa la mabokosi 64 ojambula na penti, asilikali ni mapendelo, ena choyang'ana kumwamba, ena chozondoka. Imodzi ikasowa, mumwa Fanta, gemu yapitiriza. Nsolo nayo ni chimodzimodzi, miyala ili mbwee panja. Koma thabwa nalo limafuna ulemu: likagona pa dothi chiswe chimalowa, likanyowa n'kuuma pa dzuwa limapindika. Khomani msomali ku chipupa, boolani kabowo pa kona, mulipachike. Mapendelo a dzimbiri tayani, amacheka zala.

Chess ndiyo ilibe chifundo. Hosi ikasowa mungaikepo batire yakufa, koma aliyense aziiwala kuti ni hosi. Ngati mwana wanu wayamba kuikonda, seti yake ikhale na kachikwama kakekake ka zipi. Amon Simutowe wa ku Ndola anayamba chess ali mwana, ndipo mu 2009 anakhala Grandmaster. Mwana amene seti yake ilibe bishopu aphunzira gemu yolakwika.

Chovuta kupambana zonse ni ba neba. Mwana abwera pakhomo, ati ba mami akuti mutibwerekeko Ludo. Kukana kuoneka kuipa mtima, kaili mawa ni imwe mukapempha mchere. Koma gemu yobwereka imabwerako yochepa, ndipo simungapite kukafunsa akulu anzanu za ka yellow kamodzi. Njira yabwino ni kuwaitana: bwerani muteyere kuno pa khonde. Akalimbikira kuinyamula, pendani pamodzi na mwanayo asanachoke, mokweza, kuti ba mami ake amve ali kwawo.