Kalasi ya pansi pa thanthwe ku Chongoni

Mabanja ophunzitsa ana kunyumba ndi ochepa m'Malawi muno, ngakhale makolo ambiri anailawako ntchitoyi sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Kwa amene anaisankha ntchitoyi, ulendo wokaphunzira kunja ndi mtolo wawo okha. Basi ya sukulu palibe, mphunzitsi wamkulu wolemba kalata yopempha malo palibenso.

Komatu ufulu ali nawo. Akhoza kunyamuka Lachiwiri lililonse kupita ku Chongoni, m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula zapamiyala omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, alenje akale aja. Zoyera n'za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali, nyau ndi kupempha mvula. Ana 60 a kalasi ya kusukulu akathithikana pansi pa thanthwe la Chentcherere, am'mbuyo amangoona misana ya anzawo. Ana atatu amakhala pansi, kope pamwendo, n'kumajambula zomwe akuona mpaka dzuwa litapendeka.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, chifukwa m'dzinja misewu yadothi imaterera. Mu Juni ndi Julayi musaiwale majuzi. Chisanu cha ku Dedza sichimvera chisoni mwana wa ku Nsanje. Ku Namzeze, amodzi mwa malo a zojambulazi, n'kokwera phiri, choncho wa zaka zinayi adzabwerako ali kumsana. Wolondolera njira ngwofunika, ndipo mafuta a galimoto amapepuka mabanja awiri kapena atatu akasonkherana. Zimathandizanso kuti ana ozolowera kuphunzira okha apezeko anzawo otsutsana nawo.

Ana auzidwe asanatsike galimoto: osakhudza, osathira madzi, osalemba dzina pamwala. Malo ena anaonongeka kale ndi makala ndi choko.

Chovuta chenicheni ndi mafunso. Mwana akaloza chojambula choyera n'kufunsa kuti chinamwali n'chiyani, kholo lilibe mphunzitsi womukankhira nkhaniyo. Bambo ndi mayi agwirizane akadali kunyumba zomwe anganene malinga ndi msinkhu wa mwanayo, pokumbukira kuti kwa eni dera zina ndi zakudambwe, sizikambidwa pagulu. Ofuna kupitiriza phunziroli atsetsereke msewu wa Golomoti kukafika ku Mua, komwe malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976, amasunga zigoba zambirimbiri za Gule Wamkulu. Umenewo ndi ulendo wa tsiku lakelake.