Mmene Asipirini Amatsekera Khomo la Ululu

Ndakhala ndikusinkhasinkha, abale anga, za kapiritsi ka asipirini, kamene, chingakhale n'kochepa ngati njere ya chimanga, kamadziwa khomo loti kagogode m'thupi la munthu. Wasayansi Emil Fischer, mu 1894, anafanizira enzaimu, chinthu chofulumizitsa ntchito za m'thupi, ndi loko wolandira mfungulo yake yokha. Chomwechonso mankhwalawa, akalowa m'magazi, amakafika m'mphako ya enzaimu yotchedwa cyclooxygenase, imene imapanga tinthu todzutsa ululu ndi kutupa, nasiyamo kachidutswa kawo komatirira osachokanso. Mankhwala ena a ululu, ibuprofen, amangokhalamo kanthawi ngati mlendo n'kutuluka, koma asipirini amatseka khomolo kotheratu, kotero kuti m'timaselo toundanitsa magazi, tosakhoza kupanga enzaimu ina, mphamvu yake imakhalabe masiku ngati 10, kufikira thupi litabala tina.