Galu wa pa mpikisano samenyedwa: phunziro kwa makolo

Tayerekezani kuti muli m'bwalo lodzaza ndi anthu. Galu wopanda chingwe m'khosi akuthamanga liwiro la mtondo wadooka. Walumpha mipiringidzo, walowa m'chipaipi chachitali n'kutulukira mbali ina, wakhotakhota pakati pa timitengo 12 toimikidwa pamzere. Mwini wake akuthamanga chapambali, m'manja mulibe ndodo, mulibe chakudya. Mphindi imodzi isanakwane, amaliza.

Awa ndi masewera otchedwa agility, mpikisano wa changu ndi kumvera kwa agalu. Mwina mukudabwa kuti nkhani yotere ikufuna chiyani pa tsamba la zaumoyo. Yankho lili pa mwendo wa mwana amene amabwera kuchipatala atalumidwa ndi galu wa pakhomo pawo pomwe.

Adayamba bwanji?

Masewerawa adaonekera koyamba mu 1978 ku Crufts, chionetsero chachikulu cha agalu cha ku Britain, chomwe panthawiyo chinkachitikira ku London. John Varley adapatsidwa ntchito yopeza chosangalatsa anthu podikira mipikisano ina, ndipo adapempha Peter Meanwell, katswiri wophunzitsa agalu, kuti amuthandize. Nzeru yake adaitenga ku mpikisano wa akavalo olumpha mipiringidzo. Anthu adazikonda, moti mu 1980 bungwe la Kennel Club lidavomereza masewerawa kukhala mpikisano weniweni. Lero Crufts imachitikira ku Birmingham, ndipo agility idafalikira m'maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa.

Malamulo ake ndi okhwima. Mwini galu saloledwa kugwira galu kapena zipangizo. Njira imasintha pa mpikisano uliwonse, choncho galu sangailoweze pamtima: mwini wake ndiye amayamba waiyendera yekha, kenako n'kumutsogolera ndi mawu, manja ndi kayendedwe ka thupi. Galu akagwetsa mpiringidzo, kapena akadumpha pa thabwa lokwera asanaponde mbali yakumunsi yopakidwa utoto wina, amadulidwa mapointi. Lamulo la utotoli adaliika pofuna kuti galu asamadumphe kuchokera pamwamba n'kuvulala. Komanso ku Britain galu sapikisana asanakwane miyezi 18, chifukwa mafupa ake amakhala asanakhwime.

Chinsinsi chake ndi mphoto

Nanga galu womasuka amamvera bwanji chonchi? Pophunzitsa, akangochita chinthu molondola amalandira kachakudya, choseweretsa kapena mawu omuyamikira nthawi yomweyo, pasanathe sekondi imodzi kapena ziwiri. Ubongo wake umalumikiza zomwe wachitazo ndi zabwino zomwe walandira, ndiye amafuna kubwereza. Mukachedwa, galu sadziwa chomwe mukumuyamikira.

N'chimodzimodzi ndi chilango. Galu amene mwamumenya madzulo chifukwa cha nsomba yomwe adaba m'mawa saphunzira kuti kuba n'koipa. Amangophunzira kuti dzanja la munthu ndi loopsa. Akatswiri a khalidwe la ziweto amachenjeza kuti galu wokulira m'mantha amaluma msanga, ndipo dzanja lomwe limamuyandikira mosasamala nthawi zambiri ndi la mwana.

Phunziro lachiwiri ndi lakuti mwini galu wa pa mpikisano sachotsa diso pa galu wake. Amadziwa pomwe watopa, pomwe wasokonezeka, pomwe wachita mantha. Luso limeneli ndi lomwe likusowa m'makomo mwathu.

Galu amachenjeza asanalume

Mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndikamatsuka bala la mwana ndi akuti, "Adokotala, wangomuluma popanda chifukwa." Koma tikafunsitsa, timapeza kuti galuyo amadya, amagona, amayamwitsa kapena amagendedwa.

Galu wosasangalala amayasamula asanatope, amanyambita milomo, amayang'ana kumbali, amapinda makutu kumbuyo ndi kupanira mchira. Zikapitirira, thupi limauma gwa, ubweya wa pamsana umaimirira, kenako amayamba kulira chapakhosi ndi kuonetsa mano. Musamumenye chifukwa cha kulirako, chifukwa ndilo chenjezo lake. Mukamuletsa, tsiku lina adzaluma osachenjeza. Dziwaninso kuti kugwedeza mchira sikutanthauza nthawi zonse kuti galu wakondwa.

Aphunzitseni ana anu kuti asasokoneze galu amene akudya, akugona kapena ali ndi tiana. Asamugende, asamukoke mchira, asamukumbatire m'khosi. Galu wachilendo akawayandikira asathawe kapena kukuwa, chifukwa chothamanga chimamukopa kuti athamangitse. Aime chilili ngati mtengo, manja apinde pachifuwa, ndipo asamuyang'ane m'maso. Akagwetsedwa, adzipinde n'kuphimba mutu ndi khosi. Khanda musalisiye lokha ndi galu, ngakhale akhale wofatsa chotani.

Kumvera sikulowa m'malo mwa katemera

Ngakhale galu wodziwa masewera chotani, akamachokera dziko lina kupita ku Crufts salowa mu Britain popanda umboni wa katemera wa chiwewe. Galu wa chiwewe samvera mwini wake ndipo satsata machenjezo tatchulawa, chifukwa kachilomboka kamasokoneza ubongo.

Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba, munthu sapulumuka. Koma agalu asanu ndi awiri mwa khumi alionse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufala. Ichi ndiye cholinga cha bungwe la Mission Rabies, lomwe lidayamba kubaya agalu ku Blantyre mu 2015.

Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15 zathunthu. Musapakepo tsabola, phulusa, ubweya wa galu kapena zitsamba, ndipo musalimange mothina. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono, ndipo akamuyamba jakisoni amalize onse pa masiku omwe mwauzidwa. Dziwitsaninso alangizi a ziweto za galuyo.

Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, mukamayendera makomo funsani ngati galu wa pakhomopo adabayidwa chaka chino. Uzaninso ana kuti akalumidwa anene msanga, sakalipiridwa. Ana ambiri amabisa bala poopa chikwapu.

Yambirani pakhomo

Simukusowa bwalo la ku Birmingham. Tengani kachidutswa ka nsima kapena usipa, itanani galu wanu ndi dzina lake, akabwera mupatseni pomwepo. Chitani izi kwa mphindi zisanu patsiku, ana akuonerera, kenako ayesere inu muli pomwepo. Galu amene amabwera akaitanidwa savuta kumuchotsa pomwe pali ana a eni, ndipo tsiku la katemera likafika, simudzamuthamangitsa mudzi wonse.