Chikombole Chimodzi, Makompyuta Ambiri

Lero tikambirana za ntchito ina imene ambiri a ife sitiiona, koma ikalakwika timagona pa mzere kuchipatala kapena kubwerera chabe ku ofesi ya boma. Ntchitoyi ndi yoika pulogalamu yoyendetsa makompyuta ambiri pa nthaŵi imodzi kudzera m'mawaya oŵalumikiza.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene pa Chingerezi imatchedwa operating system. Imeneyi ndiyo imadzutsa makinawo, kusunga makalata ndi kulola mapulogalamu ena kugwira ntchito. Zodziŵika kwambiri ndi Windows ndi Linux. Popanda iyo kompyuta ingokhala bokosi lachitsulo.

Nkhaniyi ikutikhudza ife kuno ku Ntcheu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma lino, ndipo alembi ake anayenda ndi matabuleti m'malo mwa mapepala. Mu 2017, pamene Amalaŵi oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika, boma linatumiza m'midzi zida zolembera pafupifupi 2,000. Zida zochuluka chotero zimayenera kufanana m'kati, kuti wolembetsa ku Lizulu ndi wolembetsa ku Senzani alembedwe mofanana. Chifukwa china n'chakuti pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kutumizira anthu onse zigamba zotetezera Windows 10. Motero ofesi iliyonse imene ikugwiritsabe pulogalamuyi iyenera kuganiza zosintha, chifukwa nyumba yosamatidwa ming'alu mbala siivutikira.

Tiyerekeze kuti ofesi ina pa boma ili ndi makompyuta 40 ndi mmisiri mmodzi. Ngati kompyuta iliyonse imtengera maola aŵiri, ndiye kuti afunika maola 80, amene ndi masiku khumi a ntchito. Pofika kompyuta yomaliza adzakhala atatopa. Pena waiŵala kuika choteteza ku mavairasi, pena walakwitsa dzina. Mapeto ake makompyuta 40 akhala ndi matenda 40 osiyana.

Njira yabwino tingaiphunzire kwa woumba njerwa. Iye saumba njerwa iliyonse ndi manja okha ayi. Amayamba wakhoma chikombole, ndipo njerwa zonse zimatuluka zofanana. Mmisiri wa makompyuta nayenso amasankha kompyuta imodzi, naikamo Windows kapena Linux pamodzi ndi mapulogalamu onse ofunika mu ofesiyo. Kenaka amafafaniza dzina ndi zizindikiro za kompyutayo, kuti anzake asadzatuluke ndi dzina limodzi. Pa Windows chida chochitira zimenezi ndi Sysprep. Akatero amakopa zonse zam'katimo kukhala failo imodzi yaikulu. Failo imeneyi ndiyo chikombole chathu, ndipo imasungidwa pa kompyuta yotumikira zinzake, yotchedwa seva. Pambali pake amalembapo mayankho a mafunso amene makina amafunsa poikidwa pulogalamu, monga chinenero, nthaŵi ya dziko ndi kapatsidwe ka maina, kuti pasafunike munthu woyankha.

Tsono funso n'lakuti, kodi kompyuta yopanda kanthu m'mimba ingadziŵe bwanji kumene kuli chikombole? Yankho lake ndi njira yotchedwa PXE, imene kampani ya Intel inakhazikitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Makompyuta ambiri a mu ofesi amabwera nayo kuchokera ku fakitale. Mukayatsa kompyuta ndi kuiuza kuti idzukire pa waya, imafuula pa netiweki ngati mlendo wogogoda pa mudzi, kupempha keyala. Mbali ya netiweki yogaŵa makeyala, yotchedwa DHCP, imaipatsa nambala yake. Pomwepo imauzidwanso seva yoti ipiteko ndi dzina la kapulogalamu koyambira. Kompyutayo imakatenga kapulogalamuko kudzera m'njira yakale yosavuta yotchedwa TFTP. Kakangoloŵa, kamasesa disiki, kuigaŵa zigawo, kuthiramo chikombole chija, ndi kuikamo timapulogalamu toyendetsa ziwalo za makinawo. Mmisiri ntchito yake ingokhala kuyang'anira.

Pali luso linanso limene inu omvera wailesi mulimvetse msanga. Ine ndikulankhula kamodzi, koma mau anga akumveka ku Nsipe, ku Kasinje ndi ku Tsangano nthaŵi yomweyo. Seva nayonso ingathe kuulutsa chikombole kamodzi, makompyuta onse 40 nalandira pamodzi, m'malo motumizira iliyonse payokha ndi kudzaza mawaya. Luso limeneli limatchedwa multicast.

Zida zochitira ntchitoyi zilipo zogula ndi zaulere. Microsoft inayamba ndi Remote Installation Services mu Windows 2000, ndipo pambuyo pake inabweretsa Windows Deployment Services. Zaulere ndi monga FOG, ndi Clonezilla imene inapangidwa ku Taiwan. Sukulu ya sekondale imene inalandira makompyuta akale ingathe kugwiritsa zimenezi osalipira kanthu. Tidziŵenso kuti Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna kachipangizo koteteza kotchedwa TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe. Makina otero sayenera kutayidwa msanga, pakuti ambiri amayenda bwino ndi Linux, monga Ubuntu.

Koma akulu anati walira mvula walira matope. Njira imene imafalitsa zabwino mofulumira imafalitsanso zolakwa mofulumira. Chikombole chikakhota, uvuni wonse ndi wa njerwa zokhota. Vairasi imodzi ikaloŵa m'chikombole, maŵa lake ili m'chipinda chilichonse cha ofesi. Chomwecho pali malangizo asanu oyenera kusungidwa.

Loyamba, yesani chikombole pa makompyuta aŵiri kapena atatu, anthu aŵagwiritse ntchito kwa masiku angapo, musanafalitse kwa onse.

Lachiŵiri, kumbukirani kuti njirayi imafafaniza zonse za pa disiki. Ngati kalaliki anasunga ndandanda ya malipiro kapena maina a odwala pa kompyuta yake, zonsezo zisamutsidwe ndi kusungidwa kwina ntchito isanayambe. Mmisiri atsegule yekha zimene wasungazo kuti atsimikize kuti zikuŵerengeka.

Lachitatu, samalani magetsi. Akazima ntchito ili pakati, makompyuta onse amatsala osadzuka mpaka ntchito itayambidwanso. Seva ndi bokosi lolumikiza mawaya zikhale ndi mabatire, ndipo ntchito igwiridwe Loŵeruka kapena anthu ataŵeruka, osati tsiku la malipiro.

Lachinayi, tsekani khomo. Seva isapereke chikombole kwa kompyuta iliyonse yongolumikizidwa pa waya, koma kwa zokhazo zolembedwa m'kaundula, ndipo mau achinsinsi a ofesi asasiyidwe poyera m'failo ya mayankho. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'makina, ndipo limakhudza ofesi iliyonse yosunga maina athu. Pulogalamu yogula nayonso ikhale ndi chilolezo chokwanira makompyuta onse.

Lachisanu, ganizirani mtunda. Chikombole chimalemera magigabaiti angapo, ndipo kuchikoka pa intaneti ya foni kuchokera pa boma kufika ku chipatala chaching'ono cha kumapiri kungadye tsiku lonse ndi ndalama zambiri. Kwa malo otero, mmisiri akopere chikombole chomwecho pa kafulashi kapena pa laputopu, apite nacho yekha.

Tsono inu akuluakulu a maofesi, aphunzitsi aakulu ndi a makomiti a sukulu, mmisiri akapempha sabata yathunthu yokonzera kompyuta imodzi yokha, musaganize kuti ndi ulesi. Akukhoma chikombole. Mumfunse mafunso atatu: kodi mwachiyesa, kodi makalata athu mwasunga kuti, ndipo kodi mwalemba ndondomeko yake kuti wodzakuloŵani m'malo adzaitsate? Akayankha bwino, mpatseni nthaŵiyo, chifukwa tsiku limene kompyuta ya pa windo lolembetsera odwala idzafe, idzadzutsidwa m'maŵa womwewo ndipo mzere udzayenda.